Kuzimitsa AWD pa galimoto ya otomatiki: mmene mungachitire osaononga giyabokosi

Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza magalimoto kumwera kwa Johannesburg, funso limene Amalawi anzanga amabwera nalo kawirikawiri akagula galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ndi lakuti, "Amakaniko, kodi simungaizimitse kuti izikoka ndi awiri okha?" Ena amafunsa chifukwa mtengo wa petulo wakwera pa Lachitatu loyamba la mwezi, monga mmene zimakhalira kuno, ndipo amva kwa anzawo kuti AWD, makina okokera ndi matayala onse anayiwo, ndiyo ikuwathera mafuta. Ena tayala lawaphulikira m'dzenje la mumsewu ndipo aikapo sipeya yowonda ija. Enanso galimoto yayamba kulira pansi kapena kunjanja pokhota, pamene ndalama yokonzera ilibe tsiku lodziwika. Onsewa ndimawauza zofanana: pa magalimoto ena zimatheka mosavuta, pa ena zimatheka movutikira, pa ena sizitheka n'komwe, ndipo ngakhale pamene zatheka, kupatula pa galimoto imene inapangidwa ndi batani lake, ziyenera kukhala za kanthawi chabe.

Yambani ndi kudziwa chimene chili pansi pa galimoto yanu

Zilembo za AWD, 4WD kapena 4x4 zimene zamatidwa kumbuyo kwa galimoto sizikuuzani mmene mphamvu ya injini imagawidwira. Musanagwire sipanala kapena fyuzi iliyonse, pezani bukhu la galimotoyo, ndipo ngati linatayika, lembani nambala ya VIN, yozindikiritsa galimotoyo, imene ili pa disiki ya laisensi ndi kufunsa nayo kwa ogulitsa zipangizo za mtundu umenewo. Chaka chimene galimoto inapangidwa ndi chofunika kwambiri, pakuti dzina limodzi limatha kubisa makina osiyana kotheratu. Chitsanzo chabwino ndi Toyota Fortuner: ya 4x4 yakale ija imene inagulitsidwa kuno mpaka 2015 imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, koma imene inabwera mu 2016 imayenda ndi akumbuyo okha mpaka mutaisankhira nokha. Chimodzimodzinso RAV4: za 4WD za pakati pa 1994 ndi 2005 zili ndi difu yapakati (magiya ogawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo), pamene zotsatira zake zimayenda ndi matayala akutsogolo ndipo zimalumikiza akumbuyo ndi klatchi yoyendetsedwa ndi kompyuta.

Kusiyana kumene muyenera kukugwiritsitsa ndi uku. Pali magalimoto amene injini yake inalumikizidwa mwachindunji ku ekiselo imodzi (ya matayala akutsogolo kapena ya akumbuyo), ndipo ekiselo inayo imangowonjezeredwa ndi klatchi kapena ndi giya yosankha. Amenewa angathe kuyenda ndi matayala awiri. Ndiye pali ena amene mphamvu yonse imayamba yalowa mu difu yapakati, n'kugawidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Amenewa mukawachotsera mbali imodzi, mphamvu imathawira kumbali yopanda kanthuyo monga madzi athawira pamene mpaipi waboola, ndipo galimoto siyenda, kapena imayenda ikudya difu yakeyo.

Yang'anani matayala musanaimbe mlandu AWD

Ndikadakhala ndi mphamvu, ndikadalamula kuti munthu aliyense wofuna kuzimitsa AWD ayambe wagwada pansi n'kuwerenga manambala a matayala ake onse anayi. Magalimoto ambiri amene amafika akunjanja pokhota alibe vuto m'makina ayi, koma ali ndi matayala osiyana: awiri atsopano kutsogolo ndi awiri akutha kumbuyo, kapena limodzi logulidwa lakale m'mbali mwa msewu, la saizi yofanana pa zolemba koma la kampani ina. Tayala locheperako limazungulira kambiri kuposa anzake pa mtunda womwewo, ndipo makina a AWD amaona ngati likuterereka, motero klatchi yapakati imagwira ndi kutentha ulendo wonse. Pa Subaru, malire amene amakaniko timatsata ndi akuti utali wozungulira tayala usasiyane ndi wa anzake kupitirira mamilimita 6. Mungathe kuyeza nokha ndi chingwe: pimitsani mpweya kuti ufanane ndi umene walembedwa pa chitseko cha dalaivala, kwezani tayala lililonse, kulungani chingwe pakati pake, ndipo yerekezani utali wa zingwe zinayo. Mukapeza kusiyana kwakukulu, mankhwala ake ndi matayala ofanana, osati kuzimitsa kanthu.

Pamene pali batani kapena chopotokola

Apa ntchito ndi yochepa. Pa Nissan X-Trail zambiri pali chopotokola cholembedwa 2WD (matayala awiri), AUTO (kompyuta imasankha yokha) ndi LOCK (onse anayi). Mitsubishi Outlander ndi Suzuki SX4 zina zili ndi chofanana nacho. Wongolani chiwongolero, chotsani phazi pa mafuta, onetsetsani kuti palibe tayala limene likuterereka, kenako potokolani kufika pa 2WD ndi kuona kuti getsi la pa dashibodi lasintha. Pa Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Fortuner yatsopano, kuchoka pa 4H (matayala anayi) kupita pa 2H (matayala awiri) kumatheka galimoto ikuyenda molunjika, ndipo Pajero ya Super Select imalola kusintha pakati pa 2H ndi 4H mpaka pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Koma ngati muli pa 4L (matayala anayi pa giya yotsika yamphamvu), imani kotheratu, pondani buleki, ikani giya pa N, ndipo pokhapo sinthani. Getsi likapitiriza kuphethira, musakakamize. Bwererani m'mbuyo mamita angapo molunjika kuti magiya amene amangana amasuke. Chinthu chimodzi choti musachiiwale n'chakuti pa magalimoto okhala ndi ndodo yachiwiri ya magiya, ndodoyo ikakhala pa N, galimoto imagubuduka ngakhale giya yaikulu ili pa P.

Abale amene amabwera kuchokera kumudzi ndi magalimoto a ku Japan okhala ndi manambala a ku Malawi ayenera kusamala mwapadera, chifukwa dziko la South Africa kawirikawiri silivomereza kulembetsa magalimoto akale ochokera kunja, choncho amakaniko ambiri a kuno sanaonepo Toyota Wish kapena Voxy ya 4WD, ndipo bukhu lake lili m'Chijapani. Zambiri mwa izi zili ndi batani lolembedwa 4WD AUTO. Mukalizimitsa, galimoto imayenda ndi matayala akutsogolo basi. Nissan March, Cube, Note ndi Tiida za e-4WD zilibe n'komwe shafiti yopita kumbuyo (chitsulo chachitali chotumiza mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo), pakuti matayala akumbuyo amakankhidwa ndi kamota ka magetsi, ndipo batani la 2WD limakwanira. Za hybrid (zoyendera injini ndi magetsi) monga RAV4 yokhala ndi mota kumbuyo zisiyeni mmene zilili. Mawaya a mtundu wa lalanje amene ali pansi pake amanyamula magetsi okwanira kupha munthu.

Subaru ya otomatiki ndi fyuzi ya FWD

Njira iyi ndiyo imene anthu amaimva kwambiri koma amaisokoneza, ndiye ndiifotokoza pang'onopang'ono. Ma Subaru ambiri akale okhala ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi, monga Forester, Impreza, Legacy ndi Outback, ali ndi malo a fyuzi opanda kanthu olembedwa FWD, kutanthauza kukoka ndi matayala akutsogolo okha. Kumbuyo kwa giyabokosi kuli klatchi imene imakanikizidwa ndi oilo kuti itumize mphamvu ku matayala akumbuyo, ndipo pali solenoidi (kavavu ka magetsi) imene ikalandira magetsi imatsegula njira kuti oiloyo asakanikize. Tsono pa Subaru simuchotsa fyuzi ayi, mumaika. Ndaonapo anthu atazula mafyuzi asanu kufunafuna "ya AWD", mpaka galimoto kukana kulira.

Imikani galimoto pamalo osalala, ikani pa P, kokani handibuleki ndipo zimitsani injini. Tsegulani boneti ndi kupeza bokosi la mafyuzi lakuda limene lili pafupi ndi batire. Pa magalimoto akale kwambiri malo a FWD ali m'kabokosi kapadera chakumbuyo, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi okwera. Pa chivundikiro pali chithunzi chosonyeza malo a fyuzi iliyonse, ndipo mkati mwake muli mafyuzi a sipeya ndi kopanira kake kapulasitiki. Tengani fyuzi imodzi ya sipeya, muilowetse m'malo a FWD mpaka itakhazikika, ndipo mutseke bokosi. Mukaliza injini, pa dashibodi payenera kuyaka getsi lolembedwa FWD, kapena AWD pa magalimoto ena, losonyeza kuti matayala akumbuyo amasulidwa. Ngati getsi silinayake, musaganize kuti zatheka. Onani ngati fyuziyo ndi yamoyo komanso ngati mwaika m'malo oyenera.

Kampani inaika malo amenewa makamaka chifukwa cha sipeya yowonda. Sipeya imeneyi imafuna mpweya wa 420 kPa ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola, zimene zikutanthauza kuti pa misewu ikuluikulu ya N1 kapena N3, pamene anzanu akuthamanga 120, muyenera kukhala mu mzere wa kumanzere. Popeza tsopano matayala akutsogolo ndi amene akukoka, kukhota ndi kugwira buleki yambiri, ngati laphulika ndi lakutsogolo ndi bwino kuchotsa lakumbuyo labwino n'kuliika kutsogolo, sipeya n'kupita kumbuyo. Ndi ntchito yowirikiza, koma ndi yopindulitsa.

Ndikukumbukira bambo wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya m'munda cha ku Randburg ndipo amakhala ku Lenasia. Forester yake inaphulika tayala, iye anaika sipeya ndi kuyenda nayo milungu itatu akudikira malipiro, osadziwa za fyuziyo. Pamene anafika kwa ine, nditangoikhotetsa pabwalo chiwongolero chili pamapeto, galimoto inkachita ngati wina waigwira kumbuyo, matayala akukwekwereza pa simenti, kenako n'kudumpha. Nditasolola ndodo yoyezera oilo wa giyabokosi, oilo amene amayenera kukhala wofiira anali woderapo ndipo ankanunkha ngati nsima yopserera. Fyuzi imene ikadamupulumutsa inali m'bokosi momwemo, yosagwiritsidwapo ntchito.

Fyuzi yomweyi imathandizanso kupeza matenda. Ngati kunjanja kwatha mutangoiika, ndiye kuti solenoidi ikugwira ntchito ndipo klatchi ikutha kumasuka, choncho yambani ndi matayala ndi kusintha oilo. Ngati kunjanja kukupitirira getsi la FWD lili chiyakire, ndiye kuti solenoidi yafa kapena mbale za klatchi zamatirirana, ndipo gawo lakumbuyo la giyabokosi liyenera kutsegulidwa. Getsi la AT OIL TEMP likamaphethira mukangoliza injini, kompyuta ya giyabokosi yasunga vuto limene liyenera kuwerengedwa ndi makina.

Dziwaninso malire ake. Subaru ya magiya osintha ndi dzanja ilibe njira imeneyi. Zambiri za turbo ndi za masilinda asanu ndi limodzi zimene zili ndi dongosolo la VTD zili ndi difu yapakati, motero fyuzi siigwira ntchito pa izo, ndipo pa zatsopano za giyabokosi ya CVT, yopanda magiya owerengeka, musayembekezere kupeza malo amenewa. Ngakhale pa galimoto imene ili nawo, kusiya fyuzi miyezi ndi miyezi kumachititsa solenoidi kukhala pa moto wathunthu nthawi zonse, ndipo ine sindilangiza munthu kutero.

Volkswagen, Audi zazing'ono ndi ena a klatchi ya magetsi

Tiguan 4Motion, Golf R, Audi A3, Q3 ndi ma Volvo ambiri amagwiritsa ntchito klatchi ya Haldex imene ili kutsogolo kwa difu yakumbuyo. Magalimoto amenewa poyenda bwinobwino pa phula amakoka kwambiri ndi matayala akutsogolo kale, choncho kuzimitsa sikusintha zambiri pa mafuta. Pakakhala chifukwa chenicheni, monga kufuna kudziwa ngati kulira kukuchokera kumbuyo, zimitsani injini, chotsani kiyi, pezani fyuzi ya klatchiyo pa chithunzi cha m'bukhu la galimoto yanu yeniyeniyo, ndipo muizule. Nambala ya fyuzi imasintha malinga ndi mtundu ndi chaka, ndiye musatengere nambala imene mnzanu wa galimoto ina wakuuzani, komanso onetsetsani kuti fyuziyo sikudyetsa zinthu zina. Njira ina ndi kuzula pulagi pa kabokosi kamene kali pa klatchi pomwepo, pansi pa galimoto. Mukatero, kulungani mbali zonse ziwiri ndi pulasitiki ndi tepi kuti madzi asalowe, ndipo mumangirire waya kutali ndi ekizozi.

Yembekezerani kuti magetsi ochenjeza ayaka pa dashibodi, ndipo pa magalimoto ena dongosolo loletsa kuterereka limasiya kugwira ntchito mokwanira, chifukwa makompyutawa amalankhulana. Ichi si chinthu chochepa, ndipo n'chifukwa chake njirayi ndi yoyesera kapena yokafikira ku galaja basi. Nthawi zambiri Haldex imavuta chifukwa chakuti oilo wake sanasinthidwepo ndipo kasefa ka pampu katsekeka ndi litsiro lotuwa. Oilo ameneyu ndi wapadera, ndipo amayenera kusinthidwa pafupifupi zaka zitatu zilizonse. Honda CR-V za mpaka 2011 nazo zili ndi nkhani yofanana: dongosolo lake limayendera mapampu awiri a oilo opanda fyuzi yoti muzule, ndipo kubuula kumene kumamveka kumbuyo pokhota kwambiri kumatha kawirikawiri mukangothira oilo watsopano wa Dual Pump.

Kuchotsa shafiti yopita kumbuyo

Iyi ndi njira yomaliza, yoyenera pamene beringi yapakati ya shafiti yatha, kapena klatchi yakumbuyo yauma ndipo ikuopseza kuononga zina, pamene chipangizo chatsopano chikudikiridwa. Imatheka pa magalimoto okhawo amene injini yake inalumikizidwa mwachindunji ku matayala akutsogolo, monga CR-V, X-Trail, RAV4 ya kuyambira 2006, ndi Land Rover Freelander yoyamba ija ya 1997 mpaka 2006, imene imadziwika kuti chogwirizanitsa chake chapakati chikauma chimaphwanya bokosi logawira mphamvu ndi difu yakumbuyo.

Ntchitoyi ichitikire pa simenti yosalala, osati pa kapinga kapena pa dothi la pabwalo, ndipo ekizozi ikhale itazizira. Tchingani matayala otsala pansi ndi matabwa okhuthala kutsogolo ndi kumbuyo, kwezani galimoto ndi jeke, ndipo muikhazike pa masitandi achitsulo. Ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha kapena pa njerwa, pakuti njerwa imasweka mwadzidzidzi osachenjeza, ndipo pomasula mabawuti olimba mudzakhala mukuigwedeza galimotoyo. Ngati mulibe masitandi, lipirani galaja imene ili ndi chokwezera.

Musanamasule bawuti iliyonse, tengani penti yoyera kapena choko n'kulemba mzere wodutsa pamene shafiti yalumikizana ndi difu yakumbuyo, ndiponso pamene yalumikizana kutsogolo. Shafiti inayesedwa kuti izizungulira mosagwedezeka, ndipo mukadzaibwezera mosemphana galimoto ingathe kumanjenjemera pa liwiro lalikulu. Chotsani chitsulo chotchinga kutentha ngati chikutsekereza. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa mabawuti, dikirani pang'ono, ndipo mumasule akumbuyo poyamba. Kuti mufikire mabawuti apamwamba mudzafunika kuzungulitsa shafiti, zimene zimafuna giya pa N ndi handibuleki yomasula. Apa m'pamene matabwa otchinga aja ndi masitandi amasunga moyo wanu, ndipo mukangozungulitsa bwezerani pa P. Kenako masulani akutsogolo, ndipo mutsirize ndi mabawuti awiri a beringi yapakati mnzanu atagwirira shafiti, chifukwa ndi yaitali, ndi yolemera, ndipo ikalendewera pa mfundo zake zimaonongeka. Mawashala amene ali pa beringi yapakati muwasunge motsatana mmene analili. Mabawuti onse alowe m'kathumba kamodzi, kathumbako kamangiriridwe ku shafiti, ndipo shafiti isungidwe m'nyumba mogoneka, osati panja pamene ogula zitsulo zakale angaione.

Yang'anitsitsani mbali yakutsogolo musanasolole. Pa magalimoto ena, kuphatikizapo Subaru, shafiti simangidwa ndi mabawuti kutsogolo koma imalowa mkati mwa mchira wa giyabokosi, ndipo ndiyo imatseka oilo. Mukaisolola n'kuyenda, oilo amatayika mumsewu ndipo giyabokosi ya otomatiki yopanda oilo imapsa pa mtunda waufupi. Galimoto yotere musaichotse shafiti pokhapokha muli ndi chotsekera choyenera.

Mukatsitsa galimoto, iyeseni kaye pang'onopang'ono m'misewu ya m'dera lanu, mukumvetsera kulira kulikonse, ndipo mukabwerera suzumirani pansi kuona ngati pali dontho la oilo. Imani pa kamtunda, ikani pa P phazi lili pafupi ndi buleki, ndipo mutsimikize kuti galimoto yagwira.

Amene simuyenera kuwayesa n'komwe

Land Cruiser Prado, Land Cruiser 100 ndi 200, Fortuner yakale, Audi A4 ndi A6 za quattro zokhala ndi difu ya Torsen, ndi RAV4 zoyambirira, onsewa mphamvu imadutsa mu difu yapakati. Batani limene lili pa Prado ndi lokhoma difu imeneyo, osati lozimitsa matayala awiri. N'zoona kuti munthu amene shafiti yamuthyokera kutchire angathe kuichotsa, kukhoma difu yapakati n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamene pali thandizo, koma imeneyo ndi njira yopulumukira, ndipo difu ikangomasuka galimoto imataya mphamvu pomwepo, P nayenso sagwira. Taganizani galimoto yolemera matani awiri itaimikidwa pa chitunda cha ku Northcliff, mwini wake akukhulupirira P amene sakugwira kanthu. BMW za xDrive, imene ndi AWD ya kampaniyo, nazonso zisiyeni. Kupatula zochepa zamphamvu monga M5 imene inatuluka mu 2017 yokhala ndi 2WD yosankha pa sikirini, bokosi lake logawira mphamvu ndi lodula ndipo silipirira zoyesayesa.

Pokoka galimoto yoonongeka

Anthu ena amafuna kuzimitsa AWD kuti akokedwe ndi chingwe kapena ndi galimoto yonyamula matayala awiri m'mwamba. Musalole zimenezo. Injini ikazima, pampu ya oilo wa giyabokosi nayo imaima, ndipo matayala akamazungulira pansi amazungulitsa zitsulo zouma mkati. Fyuzi ya Subaru nayo sithandiza apa, pakuti imagwira ntchito pokhapokha kiyi ali woyatsa, ndipo sithira oilo pa chilichonse. Mukaonongekera pa M1 kapena N12, magalimoto okoka amafika msanga kwambiri, ndipo ena amakakamiza. Imbirani kaye a inshulansi anu kapena a AA, bungwe lothandiza oyendetsa magalimoto, ngati ndinu membala, nenani momveka kuti galimoto ndi ya otomatiki ya AWD, ndipo mufune rollback imene imanyamula galimoto yonse pamsana. Musasaine pepala lililonse musanadziwe kumene galimoto ikupita ndi mtengo wake. Ngati batire yafa ndipo giya yakana kuchoka pa P, pafupi ndi ndodo ya giya pamakhala kachivundikiro kakang'ono kobisa batani lomasulira.

Za mafuta, mvula ndi ulendo wa kumudzi

Kwa amene cholinga chawo ndi petulo, kunena zoona phindu lake ndi lochepa kwambiri. Mukazimitsa AWD, difu yakumbuyo, mashafiti a m'mbali ndi bokosi logawira mphamvu zimakhalabe pa galimoto, kulemera kwake mukunyamulabe, ndipo matayala akumbuyo akuzizungulitsabe. Ambiri amene amadandaula kuti galimoto ndi yolemera poyenda amaiwala kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 17 pa 100 aliwonse a mphamvu yake poyerekeza ndi ku Durban. Mpweya wokwanira m'matayala, sefa ya mpweya yoyera, mapulagi abwino, kutsitsa chitsulo chonyamulira katundu padenga pamene simuli pa ulendo, ndi kupewa mndandanda wa m'mawa pa mphambano ya misewu ikuluikulu ya Buccleuch, zimenezi zimapulumutsa mafuta ochuluka kuposa fyuzi iliyonse.

Kumbukiraninso nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya kuno imagwa madzulo mwadzidzidzi, ya mabingu ndipo nthawi zina ya matalala, ndipo mvula yoyamba imayandamitsa mafuta amene aunjikana pa phula m'miyezi ya chilimwe. Galimoto imene munazolowera kuti imanyamuka pa maloboti mosatekeseka idzayamba kuterereka kutsogolo, ndipo pokhota idzafuna kupitirira molunjika mukaponda mafuta. Nyamukani mofatsa ndipo siyani mpata waukulu. AWD siifupikitsa mtunda woimira pogwira buleki, koma pa kunyamuka ndi kukwera zitunda zonyowa kusiyana kwake mudzakumva.

Ndipo ngati mukukonzekera ulendo wa Disembala wodzera ku Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, bwezerani AWD musananyamuke. Phula lidzakufikitsani pa boma, koma makilomita otsiriza opita kumudzi mu nyengo ya dzinja ndi amene galimotoyo munaigulira. Mnyamata wina anabwera kwa ine mu Januwale ali wokhumudwa, atatitimira m'matope pafupi ndi kwawo ku Mangochi ndi X-Trail yodzaza katundu, chopotokola chili pa LOCK, matayala akutsogolo okha akuponya matope, mpaka anthu a m'mudzi anachita kuikankha. Titaikweza, pamene panayenera kukhala shafiti panali mpata wopanda kanthu, ndipo mabowo a mabawuti anali atachita kale dzimbiri. Amene anamugulitsa sanamuuze. Choncho pogula galimoto yakale, kaya kwa ogulitsa magalimoto a pa Jules Street, kaya kwa munthu wamba, gonani pansi ndi tochi muone ngati chitsulo chachitalicho chilipo, ndipo pa Subaru tsegulani bokosi la mafyuzi muone ngati malo a FWD ali opanda kanthu. Inunso mukadzagulitsa yanu ili yozimitsa, muuzeni wogula, ndipo ngati mwachotsa shafiti kwa nthawi yaitali dziwitsani a inshulansi, chifukwa kusintha kumene sanauzidwe kungawapatse chifukwa chokana kulipira pa ngozi.

Kubwezera mwakale

Vuto likakonzedwa ndipo matayala onse anayi ndi ofanana, zimitsani injini, zulani fyuzi ya FWD ndi kuibwezera pa malo a sipeya, kapena bwezerani fyuzi ndi pulagi ya Haldex. Shafiti ilowe motsata mizere ya penti ija, beringi yapakati imangidwe momasuka poyamba, mbali ziwirizo zimangidwe, kenako mabawuti onse alimbitsidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi bukhu. Amene mitu yake yatha agulidwe atsopano. Pitani ndi galimoto kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta kuti afufute zolakwa zimene zinasungidwa, apo ayi simudzadziwa pamene vuto latsopano labwera. Pomaliza, pezani bwalo lalikulu lopanda magalimoto, khotetsani chiwongolero mpaka pamapeto ndi kuzungulira pang'onopang'ono katatu kumanja, katatu kumanzere, mawindo ali otsegula. Galimoto iyenera kuyenda yokha pa D osaponda mafuta, popanda kunjanja kapena kubuula. Kenako lowani mu msewu waukulu, kwerani pang'onopang'ono mpaka makilomita 120 pa ola, ndipo ngati mpando kapena pansi pakunjenjemera, bwererani mukaone ngati mizere ya penti ija yakumanadi.